Anamanga Kansalu Asanakwere

Nyumba imene mnyamata wathuyu anakuliramo inali yaing'ono, koma makoma ake anali owongoka moti alendo ena ankayamba asisita khoma kenako n'kupereka moni. Anaimanga ndi bambo ake, mmisiri amene anagwira ukapitawo pa kampani ina yomanga nyumba zosanjikizana kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, osanyamulapo mtembo pantchito ngakhale tsiku limodzi. M'nyumbamo munalibe katundu wochititsa kaso. Munali tebulo, mipando inayi, Baibulo lokutira ndi pepala la thumba la simenti, ndi msomali kuseri kwa chitseko pamene pankakolekedwa chipewa choyera cha ukapitawo. Mayi ake ankasoka zovala pakhonde, ndipo palibe amene ankatuluka m'mawa banja lisanagwade kupemphera.

Amisiri akamamanga m'mwamba amaima pa nsanja, ija ya mapaipi achitsulo ndi matabwa imene imatsamira khoma. Pakampanipo panali lamulo limene bambowa analiyambitsa okha. M'mawa uliwonse kapitawo ankakwera nsanjayo yekha, anthu onse ali pansi. Ankaponda thabwa lililonse, kugwedeza paipi iliyonse, n'kuyesa ndi sipanala zomangira zachitsulo zimene zimagwira mapaipiwo. Akakhutira ankatsika n'kumanga kansalu kobiriwira pa makwerero. Popanda kansaluko panalibe wokwera, ngakhale mwini kampani amene. Madzulo kapitawo ankakamasula n'kupita nako kwawo m'thumba.

Bambowo anali ndi mfundo yawoyawo, yokulunga kawiri n'kusiya mchira umodzi wautali. Anamuphunzitsa mwana wawo pa mwendo wa mpando ali ndi zaka khumi.

"Kansalu aka si kokongoletsera makwerero ayi," ankatero. "Ukakamanga ndiye kuti ukuuza ana a eni ake kuti kwerani, ine ndaponda kale. Ngati pali thabwa loti lithyoke, lithyoke ndi iwe. Ukumva?"

"Ndamva, bambo."

Anamvadi, poti mwanayo mutu unkagwira. Atamaliza sukulu analowa ntchito pakampani yomweyo, kuyambira pa wilibala. Amene anamuphunzitsa kumanga nsanja anali mkulu wina wa imvi, mnzawo wa bambo ake, amene anthu ankamutchula kuti a Sipanala chifukwa sipanala yawo ankapita nayo ndi kutchalitchi komwe. Mnyamatayo ankawati amalume, ndipo masana ankadya nawo mbale imodzi. Maondo a bambo ake atayamba kuvuta, bambowo anapuma ntchito. Patapita zaka zitatu mwini kampani anaitana mwana uja n'kumuveka chipewa choyera. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zokha, koma anthu makumi anayi anali pansi pake.

Tsiku limenelo mayi ake anaimba nyimbo za kutchalitchi mpaka aneba anasuzumira. Bambo ake sanachuluke zonena. Anatulutsa kansalu kawo kakale kofwifwa n'kumufumbatitsa.

"Chipewacho akupatsa ndi abwana. Aka ndakupatsa ndine. Usadzakamange usanakwere."

Miyezi inayi yoyambirira ankakwera ndithu. Anthu ankafika m'mawa n'kumupeza ali pamwamba, akugwedeza mapaipi, ndipo ankanong'onezana kuti koma ndiye bambo ake enieni.

Pamalopo panali munthu wosunga katundu, wa pakamwa potsekemera, amene anzake anamupatsa dzina loti Shuga. Shuga ameneyu, abale inu, chibadwire anali asanakwerepo nsanja. Ntchito yake yeniyeni inali kufunafuna wamkulu woti azimupukuta fumbi paphewa. M'mawa wina kapitawo akutsika makwerero, thukuta lili kamukamu, anamupeza Shuga akumudikira ndi kapu ya madzi.

"Abwana, mwadetsanso manja ndi dzimbiri? Aaa, inunso! Munthu wasukulu, chipewa choyera, n'kumalendewera m'mwamba chonchi? Anyamata anuwa akukusekanitu kumbali."

"Akundiseka chiyani?"

"Ine sindifuna kukhala wamiseche. Koma akuti ukapitawo ukadali wa madala aja, inu mwangobwereka chipewa. Akuti mumakwera chifukwa choopa kukalipiridwa kunyumba."

Mawu amenewo anamubaya penipeni. Shuga ataona kuti alowa, anawonjezera.

"Nsanja iyi ndi yachitsulo, abwana, siyendayenda. Dzulo inali bwino, lero yasintha chiyani? Mtsogoleri weniweni amaloza ndi chala, ena n'kumathamanga. Tabwerani kuno kuli mthunzi."

M'chipinda chosungira katundu munali mpando wofewa, ndipo kuseri kwa matumba a simenti kunali botolo ndi timakapu tiwiri. Tsiku limenelo analawa pang'ono. Mlungu wotsatira ankatuluka m'chipindamo maso ali psuu dzuwa lisanafike pamutu.

Lachiwiri lina anafika pa makwerero, anayang'ana nsanja kuchokera pansi, anayang'ana uku ndi uku, n'kumanga kansalu. Tsiku lonse mtima unali m'mwamba, akamva chitsulo chagwa ankadzidzimuka. Koma madzulo anthu onse anatsika amoyo. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Ndi mmene tchimo limachitira, silikuluma tsiku loyamba, limayamba lakusiya uzolowere. Pofika kumapeto kwa mwezi ankamanga kansaluko akuyasamula.

Munthu akasiya kugwira ntchito imene imamupatsa ulemu, ulemuwo amayamba kuufuna ndi ukali. Kapitawo analamula kuti aliyense pomulankhula azivula chipewa. Amene ankaseka nthabwala zake ankapatsidwa ntchito ya pamthunzi, amene sankaseka ankatumizidwa kukaswa miyala padzuwa. Ati adye mbale imodzi ndi anthu wamba? Zimenezo zinatha kalekale.

Panali mayi wina wamasiye, wa ana atatu, amene ankanyamula matope a simenti pa ndowa kupita nawo kwa amisiri. Tsiku lina anachedwa ndi ola limodzi. Anafika akupuma wefuwefu, chipewa chili m'manja.

"Pepani abwana, mwana anatentha thupi mpaka kukomoka, ndiye ndinayamba ndathamangira naye kuchipatala."

"Mwana wanuyo ndi amene akumanga nyumba ino?"

"Ayi, abwana."

"Ndiye ine ndimve za iye chifukwa chiyani? Lero nkhomaliro kulibe, mugwira anzanu akudya. Ndipo mukadzangolakwanso kamodzi, kamodzi kokha, chipewa chanucho mudzachisiye pageti."

Masana anthu anadya atazolika, mayiyo akudutsa pamaso pawo ndi ndowa pamutu, misozi ikusakanikirana ndi simenti. Kapitawo anali m'chipinda chija, akuseka ndi Shuga.

A Sipanala zinawakwana. Sanafune kumuchititsa manyazi pagulu, choncho anamutsatira m'chipindamo n'kutseka chitseko.

"Mwana wanga, ndabwera ngati malume ako. Makwerero aja aiwala phazi lako. Anthu aona, kungoti akuopa kunena. Kansalu kaja ukumanga bodza, ndipo bodza limenelo anthu akuliponda ndi mapazi awo m'mwamba muja."

Kapitawo anazolika. Akanakhala awiri, mwina akanamva. Koma Shuga anatsokomola kuseri kwa matumba, kutsokomola kokhala ngati kuseka, ndipo magazi anamukwera mnyamata uja kumutu.

"Mwana wanu ndani? Pano pali kapitawo, palibe mwana wa munthu!"

Anatuluka, anaimba wenzulo, anthu onse anasonkhana. Anatambasula dzanja pamaso pa a Sipanala.

"Bweretsani sipanalayo."

"Iwe, ndi imeneyi ndinakuphunzitsira ntchito."

"Ndati bweretsani. Komanso vulani chipewa mukamalankhula nane."

Mkulu uja anavula chipewa, imvi zili mbuu, n'kupereka sipanala imene anakhala nayo zaka makumi atatu. Shuga anailandira n'kukaitsekera.

"Kuyambira lero mugwira wilibala. Ndikadzakuonani mutakhudza nsanja ngakhale ndi chala, ntchito yatha."

Wilibalayo inali yomwe ija ya gudumu lopindika imene kapitawoyo anayambira ntchito. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi anaikankha mumchenga tsiku lonse, akupumira m'njira. Kuyambira tsiku limenelo panalibenso wina aliyense woyang'ana nsanja ija.

Kunyumba mayi ake anadziwira pochapa. Loweruka lina anamuitana kuseri, buluku lake lantchito lili m'manja.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikuchapa dzimbiri pa maondo a mabuluku a bambo ako. Lako ili taliona. Maondo ali mbee, kwada ndi kokhalira kokha. Ntchito ukugwira ndi chiyani iwe? Ndipo fungo ili si la simenti."

"Amayi, inu zanu ndi singano. Za kuntchito kwanga zisiyeni."

"Wati chiyani?"

Bambo ake anali atamva. Anatulukira pakhomo pang'onopang'ono, akugwira chitseko chifukwa cha maondo aja.

"Ndikufunse chinthu chimodzi. Ukukwera?"

"Tsiku lililonse, bambo."

Bambowo anamuyang'ana nthawi yaitali. Maso amenewo mnyamatayo sanathe kukhala nawo nyumba imodzi. Mlungu womwewo anasamuka n'kukapeza chipinda pafupi ndi malo omwera mowa, ndipo foni ya kwawo ikaitana ankangoiyang'ana mpaka idule yokha.

Lachisanu lina masana, opaka penti amene ankagwira kuseri kwa nyumbayo anabwera kudzapempha zomangira, poti zawo zinaperewera. Shuga anakanda mutu.

"Muno zatha. Koma abwana, angathe kumasula zinayi pa gawo lachitatu la nsanja yakutsogolo, amisiri atsikako kale. Adzabwezera Lolemba m'mamawa."

Kapitawo, kapu ili m'manja, anangogwedeza mutu. Sanalembe paliponse, sanauze aliyense, ndipo pofika madzulo anali ataiwala.

Loweruka ndi Lamlungu mvula inagwa osalekeza. Lolemba kapitawo anafika ndi matsire, mutu ukung'amba, atavala nsapato zake zatsopano zowala. Opaka penti sanabwere chifukwa makoma anali onyowa. Pansi pa makwerero panali thope lokhalokha, choncho anaima pa simenti youma, anatambasula manja n'kumanga kansalu kaja, kukulunga kawiri, mchira umodzi wautali. Kenako anaimba wenzulo.

Palibe amene anasuntha.

"Mwagontha? Kwerani!"

A Sipanala anasiya wilibala n'kubwera kutsogolo, chipewa chili m'manja. "Sitikwera, akapitawo. Mvula yagwa masiku awiri, nthaka yafewa, ndipo nsanja iyi yatha miyezi iwiri osayesedwa. Kwerani muione, kapena ndibwezereni sipanala ndikaione ine."

Asanayankhe, galimoto ya mwini kampani inalowa pageti. Chitseko cha mbali inayo chitatseguka, kapitawo anayang'anitsitsa. Amene anatsika anali bambo ake, atavala ovolosi yawo yakale ndi chipewa chachikasu cha anthu wamba. Abwana anali atawapempha kuti abwere mlungu umodzi adzayale njerwa zokongoletsa pamwamba pa mawindo, ntchito imene panalibe wina woidziwa ngati iwo. Ndi zimene foni ija inkafuna kumuuza.

"Chikuchitika n'chiyani pano?" anafunsa mwini kampani. "Nthawi ino anthu ali pansi?"

"Akukana ntchito, bwana. Akuwatsogolera ndi mkulu uyu, ali ndi mangawa nane."

"Nsanja mwaiona?"

"Ndaiona, bwana. Kansalu si ako?"

Mwini kampani anatembenukira anthu aja. "Mwamva. Amene sakufuna kukwera asiye chipewa pageti, kunjaku kuli anthu ambiri ofuna ntchito."

Kenako mayi wamasiye uja anapukuta manja pa ovolosi, anasenza ndowa yake ya matope n'kuyamba kulowera ku makwerero. Ankaopa, aliyense ankaona. Koma anali atauzidwa kuti kamodzi kokha, ndipo kunyumba kunali ana atatu.

"Taimani, mayi," anatero bambo ake a kapitawo. "Tulani ndowayo."

Anayenda mpaka pa makwerero, akuponda m'thope. Anagwira mfundo ija n'kuisisita ndi chala. Anayang'ana makwerero kuyambira pansi mpaka m'mwamba. Anayang'ana mapazi a mwana wawo, kenako nkhope yake.

"Mfundo iyi ndi ya m'nyumba mwanga. Mwana wanga, wakwera?"

Anthu makumi anayi ankamuyang'ana. Abwana anali pambali pake penipeni.

"Ndakwera, bambo."

"Chabwino. Ndiye ndiyambe ine, enawa abwere pambuyo."

"Akulu, musakwere!" anakuwa a Sipanala.

"Mwana wanga wanena kuti wakwera. Ngati pali china, andiuza yekha."

Anayamba kukwera, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Atafika pa gawo loyamba anaima, anagwedeza paipi, n'kuyang'ana pansi. Kapitawo anayang'ana kumbali. Mumtima ankati palibe chichitike, masiku onsewa chachitika n'chiyani?

Atafika pa gawo lachiwiri anaimanso n'kuyang'ananso pansi. Apa ndi pamene mnyamata uja anakumbukira. Lachisanu. Opaka penti. Zomangira zinayi za pa gawo lachitatu. Pakamwa panatseguka. Mawu ake anali ochepa chabe, akuti bambo, tsikani. Mwana wa zaka ziwiri angathe kuwanena.

Shuga anamutsina pa chigongono. "Khalani chete, abwana," ananong'ona. "Mukangolankhula, chipewa chapita. Mwina sapita mbali imeneyo."

Anatseka pakamwa.

Bambo aja anafika pamapeto pa makwerero, pa gawo lachitatu. Anaima kachitatu, ndipo ulendo uno anaima nthawi yaitali, dzanja lili pa paipi, maso ali pa mwana wawo. Mwanayo ankayang'ana nsapato zake. Ndiye mkuluyo anatembenuka n'kuponda thabwa. Loyamba linapirira. Lachiwiri linapirira. Atafika pa lachitatu paipi inatsetsereka, chitsulo chinalira, thabwa linapendekeka, ndipo munthu uja anabwera pansi pamodzi ndi matabwa, n'kugwera chagada pa mulu wa njerwa. Chipewa chachikasu chinagubuduka mpaka pa mapazi a mwini kampani.

"Mayo ine! Mwapha munthu!" analira mayi wamasiye uja.

Woyamba kufika pa njerwapo anali a Sipanala. Kapitawo anangoima kakasi, manja ali lende.

Mungaganize kuti apa ndiye anasweka mtima n'kuulula. Ayi ndithu. Apolisi atabwera masana omwewo, mantha anamugwira, ndipo ananena kuti m'mawa anapeza zonse zili bwino, ndiye ayenera kuti wina anamasula zomangirazo mwadala pofuna kumuipitsira mbiri. Atamufunsa kuti akuganizira ndani, analoza a Sipanala. Mkulu uja anamutenga magazi a mnzake akadali m'manja, n'kukamutsekera m'chitolokosi.

Masiku atatu sanapite kuchipatala. Tsiku lachinayi masana analimba mtima. Anapeza bambo ake atagona chagada, osatha kutembenuka. Msana unali utathyoka, ndipo madokotala anali atanena kale kuti miyendo sidzayendanso. Mayi ake anali pa mpando pambali pa bedi. Sanamupatse moni, sanamuyang'ane n'komwe.

"Bambo, mwadzuka bwanji?"

"Sendera kuno. Mawu anga sakufika patali."

Anasendera.

"Nsapato zako zinali zowala tsiku lija. Mvula inagwa masiku awiri, pansi pa makwerero panali thope, koma pa makwerero panalibe phazi la munthu ngakhale limodzi. Ndinadziwa ndisanakufunse n'komwe."

Mnyamatayo anagwira chitsulo cha bedi.

"Nanga munakwereranji, bambo?"

"Umafuna akwere mayi uja wa ana atatu? Wina amayenera kuyamba, ndipo woyamba amayenera kukhala iwe. Utakana, ndinati mfundoyi ndinamuphunzitsa ndine, ndipite ndine." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Koma ndinali ndi chikhulupiriro. Ndinati mwana wanga anganamize abwana, anganamize anthu, anganamize ine pansi pano. Koma akaona bambo ake ali m'mwamba, aitana. Pa gawo loyamba ndinaima. Pa lachiwiri ndinaima. Pa lachitatu ndinaima mpaka manja kutopa. Unkayesa ndi maondo? Ndimadikira iwe."

Anagwa pansi m'chipatalamo, chipumi pa simenti, akulira ngati mwana. Odwala ena anadzutsa mitu.

"Ndikhululukireni, bambo! Ndinakumbukira za zomangira muli pa gawo lachiwiri. Ndinakumbukira, koma ndinaopa chipewa!"

Apa ndi pamene mayi ake analankhula, osakweza mawu. "Chipewa. Ndinakubereka ine, ndinakuyamwitsa, kuti udzasinthanitse bambo ako ndi chipewa."

"Dzuka," anatero bambo ake. "Misozi yako sindingayendere. Msana wanga wapita, umenewo usiye. Koma pali munthu akugona pa simenti m'chitolokosi chifukwa cha bodza lako, munthu amene unkadya naye mbale imodzi. Pita ukamutulutse. Usabwerenso muno iye ali momwemo."

Anapita kupolisi, ndipo ananena zonse. Anapeza kuti Shuga anamutsogolera kale. Atamva kuti opaka penti aitanidwa kukafunsidwa, Shuga anathamanga yekha kukauza apolisi kuti iye ndi wosunga katundu chabe, za nsanja sazidziwa, ndipo wakhala akuwadandaulira akapitawo kuti achepetse mowa koma samva. Kukhoti anabwera atavala tayi, n'kupereka umboni womwewo akupukusa mutu mwachisoni. Mnyamata uja anamugamula zaka zinayi, chifukwa chosasamala miyoyo ya anthu ndi chifukwa chonamizira munthu wosalakwa.

Bambo ake anakhala chigonere chaka ndi miyezi isanu. Mayi ake ndi amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwasintha zofunda, makina osokera ali gwaa pakhonde mpaka anachita dzimbiri. Zilonda za pamsana zitakula, bambowo anamwalira m'nyumba yawo ya makoma owongoka ija. Uthenga unamupeza mwana wawo kundende patatha milungu iwiri, ataikidwa kale.

Atatuluka anazungulira makampani onse omanga, koma mbiri yake inkafika iye asanafike. Pageti pena mlonda anamufunsa kuti, "Kodi si inu munagwetsa bambo anu?" Kwawo mayi ake anamutsegulira chitseko n'kumupatsa chakudya, poti mayi ndi mayi, koma nyimbo zija sanaimbenso, ndipo msomali wa kuseri kwa chitseko anali atauzula.

Amene anamulemba ntchito pomaliza anali a Sipanala, omwe tsopano anali kapitawo pakampani ija. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Sindikukulemba chifukwa cha iwe. Bambo ako anandipempha asanatsikire kuli chete. Wilibala ndi iyo."

"Zikomo, amalume."

"Pano ndine kapitawo. Umalume unauthetsa wekha."

Inu amene mwapatsidwa anthu oti muwatsogolere, kaya ndi kuntchito, kusukulu, kumpingo kapena m'nyumba, imvani. Udindo si chipewa, si mpando wa pamthunzi, si anthu kukuvulirani zipewa. Anthu amaponda pamene inu mwanena kuti mpolimba, ndipo Mulungu adzakufunsani za phazi lililonse. Musamange kansalu musanakwere. Musamvere wokutamandani n'kunyoza wokudzudzulani. Ndipo ngati mwalakwa kale, lankhulani munthu akadali pa makwerero, chifukwa manyazi amatha koma msana subwerera.

Mnyamata uja akadali pompo, ngakhale unyamata unamuthera. M'mawa uliwonse amaima pansi ndi wilibala yake, n'kumayang'ana a Sipanala akukwera ndi imvi zawo, akuponda thabwa lililonse. Mkuluyo akaima pa gawo lachitatu kuti apume, milomo ya mwana uja imayenda yokha, ndipo oyandikana naye amamumva akunong'ona kuti, "Bambo, tsikani."